Mafomu a Eveles

Eveles anali akupukuta magalasi a mawindo a pabalaza pomwe mlamu wake Rosemary anatula katoni pakhonde. Panali patadutsa masiku anayi chiikireni Dyson, mwamuna wa Rosemary, m'manda kwa Nazombe, ndipo achibale ambiri anali atabalalika.

Magalasiwo sanali wamba. Dyson, mchimwene wake wa Eveles, ankachita kafukufuku ku yunivesite pa mankhwala opaka pa galasi. Kunja kukatentha, galasilo limabweza kutentha kwa dzuwa koma kuwala n'kumalowa ndithu. Kukazizira, limalola kuti m'nyumba mufunde. Anaika anayi panyumba ya mayi awo, ati kuti awayese m'nyumba yeniyeni yamalata. Kwa zaka zitatu Eveles ankalemba m'kope kutentha kwa m'kati ndi kwa panja, m'mawa, masana ndi madzulo, osajomba.

"Alamu, izi n'za mu ofesi mwawo," anatero Rosemary. "Muli makope anu. Mulinso maenvelopu olembedwa ndi dzanja lanu. Sindinatsegule."

Analipo atatu, omata monga anawamatira yekha. Anali mafomu ake ofunsira malo ku koleji ya unamwino. Chaka chilichonse Dyson ankawatenga n'kunena kuti, "Ndikapereka ndekha ku Blantyre." Ndipo chaka chilichonse ankaimba foni ndi mawu achifundo: "Sanakutenge, mchemwali wanga. Tiyesanso."

Eveles anazungulira kuseri, komwe mayi ake ankapeta nandolo. Anawaonetsa maenvelopuwo. Mayiwo anayang'ana kamodzi n'kubwezera maso m'lichero.

"Mayi, munkadziwa?"

"Anandiuza chaka chachiwiri."

"Anati chiyani?"

"Anati iwe ukachoka ntchito yake ifera panjira, palibe wina amene angamukhulupirire. Akamaliza adzakuperekeza yekha kusukuluko." Anachotsa kamwala m'nandolo. "Komanso ine ndikanatsala ndi ndani pano?"

"Ndinalira sabata yathunthu m'chipinda umo. Ndinkadziona ngati mbuli. Inu munkandisisita kumsana n'kumati nthawi ya Mulungu sinakwane."

Lichero linaima.

Rosemary anali atafika pakona ya nyumba, chitenje chake chakuda atachigwira pachifuwa. Analankhula motsitsa, ngati wotumidwa uthenga womwe sakuufuna.

"Anzawo a kuntchito anandipempha kuti ndikufunseni. Akuti mupitirize kulemba mpaka mvula itagwa. Popanda miyezi yotenthayi kafukufuku yense sangatuluke, ndipo dzina la malemu lizimirira pompo."

"Inunso munkadziwa, alamu?"

"Ayi. Kwa ine ankati sukulu simukuifuna."

Eveles anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano.

"Auzeni abwere adzalembe okha. Magalasi ali pomwepo, dzuwa lilinso pomwepo. Ine Lachisanu ndikwera basi ya ku Blantyre, mafomu ndikapereke ndekha."

Anakhala pamtondo wogwetsedwa kuti atulutse makope a satifiketi yake. Potembenuza envelopu yachitatu anaona kuti kumbuyo kwake kunali kodzaza ndi pensulo. Dyson ankawerengerapo masamu: manambala a Eveles omwe, mizere, timivi tolozera uku ndi uku. Pansi penipeni, m'zilembo zake zopendekeka zija, anali atalemba kuti: Masiku 1,040, Eveles sanalakwitsepo ngakhale kamodzi. Anadula mzere kawiri kunsi kwake.

Eveles anawerenga mawuwo kawiri. Kenaka anang'amba envelopuyo pang'onopang'ono cha m'mphepete, posafuna kuwononga zolembazo. Anatulutsa mapepala ake, ndipo envelopu yopanda kanthuyo anaiika m'lichero, pamwamba pa nandolo za mayi ake.