Kamphindi ka Amake Mapasa

Amake Mapasa anali atangokhala pa ndowa yovundikira m'bafa, maso ali chitsinzinire, pamene wina anagogoda.

"Amayi, sokosi yanga ina ili kuti?"

Kuchipatala anesi anali atawauza kuti magazi awo akuthamanga moopsa, ndipo mapiritsi okha sangakwanire. "Tsiku lililonse muzipeza kamphindi," anatero anesiwo. "Muzikhala phee, n'kumangomvetsera mpweya wanu ukulowa ndi kutuluka. Maganizo akathawa, muziwabweza mosakalipa." Koma m'nyumba yodzaza ngati yawoyo, malo okhala phee anali m'bafa mokha.

Mpweya unalowa. Maganizo anathawira ku mulu wa mayunifolomu umene unkawadikira kuntchito kwawo kosita zovala. Mwana anagogodanso. Amake Mapasa anatuluka akukalipa, mutu ukuwawa ngati ung'ambike, mwanayo n'kupita kusukulu akulira.

Kuntchito anayesanso, ataimika simbi pambali. Mnzawo wochapa, yemwe onse ankamutcha Wailesi chifukwa cha pakamwa, anawagwedeza phewa.

"Asisi, mwayamba kugona choimirira ngati bulu?"

"Ndikumvetsera mpweya. Atero anesi."

"Chibadwire mukupuma, lero ndiye mukufuna kuumva?" Wailesi anaseka, koma ataona maso awo ofiirawo anasiya. "Komatu inu, ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Kunyumba kwanuko aliyense amangoimba inu."

Madzulo Amake Mapasa anafika kunyumba miyendo itatupa. Anateleka ndiwo, n'kukakhala pakhonde, manja pa maondo.

"Amake Mapasa, ndiwo zikupserera!" anafuula amuna awo ali pa sofa, foni ili m'manja.

Thupi linadzuka lokha, mwachizolowezi. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Anaima n'kuumvetsera, kenako anakhalanso pansi.

"Mwandimva kodi?"

"Ndamva, bambo. Chipande chili pambali pa mbaula."

Fungo lopserera linafika pakhonde. Anakoka mpweya pamodzi ndi fungolo, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Anakokanso. Mapewa anayamba kutsika okha.

Kenako anamva masilipasi akukhwekhwereza kulowera kukhitchini, chivundikiro chikugwa pansi, bamboyo akuuzira zala uku akuitana mapasa kuti abweretse madzi msanga.

Ndiwo za tsiku limenelo zinali zowawa. Amuna awo ankatafuna akuwayang'ana, kudikira mawu. Amake Mapasa anadya mpaka kumaliza, ndipo sanapepese.