Fumbi la ku Texas

Mumsewu wonse wa nyumba zogundana uja ku Bolton, munthu mmodzi yekha ndiye ankatchula dzina la a Rodrick Chimphonda. Enawo ankangogwedeza mutu n'kutseka chitseko msangamsanga ngati wina akuwathamangitsa. Koma a Watson, mzungu wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi, ankakuwa akadali patali: "Rodrick!" Amene sanakhaleko kudziko la eni sangamvetse kukoma kwake kwa kuitanidwa dzina pamsewu. A Rodrick anali ndi madigiri awiri, ntchito ya makompyuta ku Manchester, mkazi wawo Edwina amene anali namwino, ndi mwana wawo Tiya. Koma mnzawo wocheza naye Loweruka anali mmodzi yekhayo, ndipo chibwenzicho ankachigwira ngati dzira.

Chinawalumikiza ndi galimoto. Kuseri kwa nyumba a Watson anali ndi garaja, ndipo m'garajamo munkagona pikapu ya Chevrolet ya 1953. Anaiitanitsa pa sitima kuchokera ku Texas, komwe inakhala zaka makumi anayi m'shedi ya mlimi wina popanda woiyendetsa. Injini anaikonza bwinobwino, ikalira mpaka mazenera a m'khitchini mwa Edwina ankanjenjemera. Koma kunjaku, abale inu! Fumbi lofiira lochita kukakamira, dzimbiri m'mbali monse, zitosi za nkhunda zouma pa boneti, kangaude atamanga mudzi kuseri kwa galasi. Mtundu wake weniweni panalibe ankaudziwa.

A Rodrick akaiyang'ana, chisoni chinkawagwira. Mumtima ankati nkhalambayi mphamvu zatha, ana ali kutali, palibe woitsukira. Kufunsa sanafunse, chifukwa kwathu munthu wamkulu sumufunsa chifukwa chake katundu wake ali wauve. Ankangogwira sipanala, kumwa tiyi, n'kumamvetsera nkhani za kalabu ya a Watson, gulu la anthu openga ndi magalimoto akale a ku America.

M'chilimwe cha 2008, ngati chija amachitcha chilimwe kumeneko chili chilimwe, kalabuyo inakonza chionetsero chachikulu pabwalo lina kufupi ndi Bradford. Sabata yomweyo a Watson anaitanidwa kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya chiuno. Asanapite anabwera ndi ndodo yawo n'kuika makiyi m'manja mwa a Rodrick.

"Ndilibe wina amene ndingamukhulupirire," anatero m'Chingelezi chawo cha ku Bolton chomeza mawu. "Mukaiimike pamalo panga Lamulungu. Muyende pang'onopang'ono, ndipo mukaona mtambo wa mvula mubisale pansi pa mlatho. Muitenge momwe ililimu. Musavutike ndi chilichonse, Rodrick. Chilichonse."

A Rodrick analandira makiyi ndi manja awiri, misozi ili pafupi. Za mlatho anazimvetsa, anati denga liyenera kuti limadontha. Za kusavutika anazimvetsanso, koma mwa kwathu. Mlendo akati musavutike, ndiye kuti gwirani nkhuku. Apongozi akati musavutike, ndiye kuti vutikani kawiri. Ndipo ndani anabwezapo mbale ya eni yosatsuka?

Loweruka m'mawa kunafika Ken, mnzawo wa kutchalitchi amene ankawerengera ndalama za kampani ina ku Bradford. Atangoiona pikapuyo anagwira pakamwa.

"Akulu, mukufuna kukaima pagulu ndi chimenechi? Anthu akati chiyani? Akati Amalawi tawapatsa galimoto abwera nayo ngati yatuluka m'dambo."

"N'chifukwa chake ndakuitanani, a Ken. Tiwachite sapulaizi madalawa."

Ken anavula jekete n'kupinda malaya. Ali mnyamata ankatsuka maminibasi a malume ake ku Ndirande, ndipo ntchitoyo ankainyadira kuposa satifiketi yake. Anayamba ndi payipi ya madzi. Fumbi la ku Texas linatsika ngati phala, n'kuyenderera mumsewu wa ku Bolton mpaka kukalowa m'ngalande. Kenako sopo, kenako waya wokwechera mapoto. Zitosi za nkhunda zinalimbalimba, koma Ken anazipala ndi mpeni wopakira majarini uku akuimba nyimbo ya kwaya.

Edwina atabwera kuchokera kuntchito sanapume n'komwe. Anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu n'kulowa m'kati ndi tsache.

"Bambo a Tiya, munthu ameneyu amakhala bwanji pampando woterewu? Ndiye chiuno chisapweteke?"

Anasesa, anakolopa, anathamangitsa kangaude ndi ana ake omwe, ndipo pomaliza anayala pampando kansalu koluka kamene anachotsa pa sofa. Matayala anapakidwa polishi wa nsapato. Pamene panali dzimbiri louma mutu, Ken anadontheza penti yotsala pa chitseko cha kukhitchini. Pachitseko cha galimoto panali zilembo zofufutika za dzina la famu, ndipo atakwecha bwino zinachokeratu. Ken anafuna kulemba kumbuyo kuti ZONSE NDI NTHAWI, koma a Rodrick anakana.

"Ayi a Ken, tisapyole malire. Galimoto ndi ya eni."

Dzuwa likupendeka, pikapu ija inali itasanduka yobiriwira ngati peyala, ikunyezimira moti munthu akanatha kupesa tsitsi poyang'ana pa boneti. Atatuwo anaima chapatali akuisirira. A Rodrick anali asanamvepo kukoma kotere chifikireni ku Mangalande.

Lamulungu anajomba kutchalitchi. A Rodrick anavala suti, Ken nayenso suti, n'kuuyamba ulendo wa ku Bradford, chiwongolero chili kumanzere ngati mmene amachitira ku America. Mvula inawaza pang'ono pamapiri paja, koma denga silinadonthe, ndipo a Rodrick anati madalawa amangoda nkhawa ndi zinthu zopanda pake.

Kubwalo kunali zoona ndi maso. Magalimoto aatali ngati maliro a mfumu, ena a zipsepse kumbuyo, ena apinki, ena ofiira, maboneti ali yasa kuti anthu aone injini zopukutidwa kuposa mbale za alendo. Ena anaika magalasi pansi kuti uone ndi kumimba komwe. Azibambo a ku Yorkshire, amene sanapondepo ku America, anali atavala zipewa za akaubo ndi nsapato zosongoka, tsitsi litanona mafuta. Azimayi anavala madiresi a madonthomadontho ngati nkhanga. Paliponse panali zikwangwani zoletsa kugwira, ndipo bambo wina ankapukuta nyali ya galimoto yake ndi mswachi.

"Mwaona?" anatero Ken. "Tikanabwera nayo momwe inalili tikanachita manyazi a chaka."

Koma wolondolera magalimoto atayang'ana nambala yawo, sanawalozere kwa zonyezimirazo. Anawalozera kungodya ina ya bwalo, pansi pa tenti yaikulu. Kumeneko kunali magalimoto angapo, onse auve. Ina inali ndi udzu wouma pampando, ina chisa cha mbalame pa bampala, ndipo eni ake anaima pambali monyada ngati makolo pa tsiku la mayeso. Pakati penipeni panali malo aakulu otchingidwa ndi chingwe, pali chikwangwani cha dzina la a Watson, ndipo gulu la anthu a makamera linali likudikira.

A Rodrick anaimika pikapu pamalopo, anatsika, anakonza tayi n'kumwetulira.

Panalibe anamwetulira nawo. Mayi wina wa mphini za Chizungu m'mikono monse, wapampando wa kalabuyo dzina lake Stella, anayandikira n'kuwauza mwaulemu kuti asunthe, malowo ndi a galimoto ya a Watson.

"Ndi imeneyi, mayi," anatero a Rodrick. "Tangoisambitsako pang'ono."

Stella anayang'ana nambala, anayang'ana chitseko chopanda zilembo, anasuzumira m'kati n'kuona kansalu koluka. Kenako anakhala pansi pa udzu wonyowa, osayang'ana n'komwe pokhalapo. Bambo wina wandevu anavula chipewa chake cha kaubo n'kuchigwira pachifuwa. Enanso anavula. Kunangoti zii, ngati pasiwa.

"Fumbi lija lili kuti?" anafunsa Stella ndi mawu otsika.

"Lili m'ngalande ku Bolton," anayankha Ken, amene pa nkhani ya kunena zoona sankaona nkhope.

Apa mpamene anawafotokozera. Tenti imeneyi inali ya magalimoto opezeka m'mashedi, ndipo mpikisano wake unali woti iti yasungidwa momwe anaipezera. Penti aliyense atha kugula, anatero mayiyo, koma fumbi la zaka makumi anayi silipezeka m'sitolo. A Watson analisamala fumbilo chibwerere galimotoyo, osalola munthu kuyetsemula pafupi, osaitulutsa kukachita mitambo. Anthu ena anachokera ku Liverpool kudzangoona zitosi za nkhunda za ku Texas zija. Chikho cha chaka chimenecho aliyense ankadziwa kuti ndi chawo.

A Rodrick anayang'ana pikapu yonyezimirayo. Za chikho analibe nazo ntchito. Chimene ankaona ndi msewu uja wa ku Bolton, iwo akutsika basi madzulo, popanda wowaitana dzina.

"Safunsa anadya phula," ananong'ona Ken.

"A Ken, amene anapala zitosi ndi mpeni ndi ndani?"

Kunyumba, Edwina atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira khoma, kenako ataona nkhope ya mwamuna wake anasiya.

"Mugule khadi ndi maluwa," anatero. "Azungu amapepesa choncho. Mulembe kuti sorry, basi."

"Mlamu, uwu si wa khadi," anatero Ken. "Uwu ndi mlandu. Munthu wawononga katundu wa mkulu, apite ndi womuyankhulira, ndipo apite ndi nkhuku."

Nkhuku yamoyo sakanailola m'wodi, izo ngakhale Ken anavomera. Koma anakanitsitsa nkhuku za m'supamaketi zofewa ngati buledi zija. Anakagula yolimba kwa wogulitsa nyama wa Chipakistani ku Bradford, n'kuonetsetsa kuti nthutumba ilimo, chifukwa nkhuku yopanda nthutumba ndi chipongwe china pachokha. Edwina anaikazinga ndi adyo ndi tsabola pang'ono, n'kuwachenjeza kuti akakumana nawo m'makonde a chipatala asamupatse moni, sakuwadziwa.

Anawapeza a Watson atatsamira mapilo, patsogolo pawo pali mbale ya chakudya cha kuchipatala chimene sanachikhudze. M'manja anali ndi foni. Stella anali atawatumizira kale chithunzi.

A Rodrick ananjuta pambali pa bedi, suti ili m'thupi, maso pansi. Odwala ena anatembenuka kuti aone. Ken anaika bakuli la nkhuku pa kabati, anakhosomola, n'kuyamba nkhani patali monga mwa mwambo wake. Anayamba ndi kuthokoza Mulungu kuti opaleshoni inayenda bwino. Anafotokoza kuti mwana akanyera pamwendo sudula mwendowo, mawu amene m'Chingelezi anamveka moopsa kwambiri moti namwino wina anaima kuti amve bwino. Anali asanafike n'komwe pa galimoto pamene a Watson anakweza dzanja.

"Rodrick, ndinati musavutike ndi chilichonse."

"Munatero, bambo."

"Nanga?"

"Ndinayesa mukunena mwaulemu chabe. Kwathu munthu akati musavutike..." Anayambiranso. "Ndinkafuna kuti musachite manyazi pagulu. Ndinkaona ngati mulibe wokutsukirani."

A Watson anawayang'ana. Nkhope yawo inali itafiira, ndipo maso anali ndi misozi yeniyeni, misozi ya fumbi. Anayamba kutchula chimodzichimodzi: zilembo za pachitseko, kangaude, zitosi. Atafika pa penti ya chitseko cha kukhitchini anatulutsa mawu ena amene oyendetsa mabasi okha ndiwo amawadziwa.

"Tulukani," anatero pomaliza, n'kutembenukira kukhoma.

A Rodrick anadzuka pang'onopang'ono. Pepani sapoletsa chilonda, izo ankazidziwa kuyambira ali mwana, koma sankadziwa kuti zimawawa chonchi kwa wopepesayo. Anayenda cha kukhomo, Ken ali pambuyo. Ali pakati pa wodi anamva kaphokoso ka chivindikiro.

Anacheuka. Fungo la adyo linali litadzaza wodi yonse, ndipo a Watson, amene chiwachitireni opaleshoni ankangodya mbatata zophwanya zopanda mchere, anali atakokera bakuli pachifuwa. Anasuzumiramo mokwiya. Anatola kanthu kakang'ono kolimba, anakayang'ana uku ndi uku osakadziwa, n'kukaponya m'kamwa.

Ken anafinya mkono wa a Rodrick. "Akulu, adya. Ayambira nthutumba."

"Musaganize kuti ndakukhululukirani!" anakuwa a Watson, ntchafu ili kale m'dzanja lina, mafuta akuyenderera pachibwano. "Sindidzakukhululukirani mpaka kufa!"

"Inde, bambo," anatero a Rodrick, akuwomba m'manja pang'onopang'ono, nkhope yonse ili mano okhaokha.

"Mukusekerera chiyani? Ndikunena zoona!"

"Tamva, bambo. Idyani."

A Watson anatafuna, anameza, anawaloza ndi fupa. "Lachisanu akunditulutsa. Mubwere mudzanditenge pa galimoto yomweyo, ndione ndi maso anga zimene mwaichita. Ndipo kansalu kaja musakachotse, pampando paja pamabaya."