Kompyuta Inakana Amalume

Mwiche ankadana nalo lamulo la kukampani yolangiza amalonda kumene ankagwira ntchito. Ukangotsegula mafayilo a kasitomala mmodzi, kompyuta inkakutsekera mafayilo a onse opikisana naye. Ba Moven, amene anakhazikitsa zimenezi, Mwiche anali atawalalatirapo kuti amaona anzawo ngati mbava.

Loweruka lina ba Fabian, amalume ake amene anamulera, anamuitana kwawo ku Chawama. Mafayilo a bekale yawo ankawayang'anira ndi Mwiche yemweyo, ndipo bekaleyo inkalimbirana oda ya buledi ndi ina ya ku Kanyama.

"Uja wa ku Kanyama nayenso ni kasitomala wanu," anatero ba Fabian. "Nionereko chabe mitengo yake."

Munthu wokulera ungamukane bwanji m'nyumba mwake? Mwiche anatsegula laputopu, nalemba dzina la bekale inayo. Kompyuta inakana. Anayesanso amalumewo akusuzumira paphewa, inakananso.

"Vinthu va masiku ano vilibe ulemu," anang'ung'udza ba Fabian, namuthirira tiyi.

Lolemba Mwiche anaika zitumbuwa zotentha patebulo la ba Moven.

"Nanga ivi ni va chani?" anadabwa ba Moven.

"Dyani chabe. Kompyuta yanu yanikanirako bamalume. Ine pakamwa panga sembe sipanakwanitse."