Keningi Imodzi Kuchokera Pakhonde la Amayi

1.
Keningi.
Liwuli anabwera nalo ndi bambo anga, a Namakhwa, kuchokera ku Beira kumene ankaphikira anthu ogwira ntchito m'sitima zapanyanja. Ankati ndi Chingerezi chakalekale, eni ake anachitaya, kungotsala kapitawo mmodzi wokalamba amene ankayezerabe nacho ulendo. Keningi ndi kutalika kochokera pamene waima mpaka pamene diso lako lathera. Gombe ukuliona, koma ukakuwa palibe angakumve.

2.
Chigwa cha Phalombe n'chosalala ngati mphasa. Ukaima pakhonde la amayi dzuwa lili paliwombo, kutali uko m'tsinde mwa phiri mumanyezimira denga la malata. Ndi pamenepo. Bambo anachoka pakhomo pano ine ndili kamwana, n'kukamanga pamenepo. Osati ku Joni, osati ku Beira. Poonekera, ngati akutiseka.
Keningi imodzi.

3.
Zimene ndimakumbukira za bambo:
masiwiti a m'chitini,
chipewa choyera chonunkha anyezi,
chigoba cha nkhono ya m'nyanja chimene ankandiika kukhutu,
nyimbo ya Chipwitikizi yopanda mutu.
Zimene ndimakumbukira za amayi:
kukhala chete.

4.
Amayi akudwala. Achipatala anawabweza, ati mukawasamalire kunyumba, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo lake. Miyendo yatupa, mawu atsala pang'ono.
Ndaziona, anandiitana, kokera bedi ili kuwindo.
Tinakoka, ine ndi mwana wanga wamkazi Takondwa. Phala akana, tiyi akana. Maso okha ali pa denga lija, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

5.
Iwe Ndaziona unakula ukuona mayi ako ataima pakhonde dzanja pamphumi, asanapite kumunda kuyang'ana, pobwera kumunda kuyang'ana, khasu likadali paphewa, ndipo amuna atabwera kudzafunsira anawakana, malume ako atati tiyeni ku Limbe kuli nyumba ya magetsi anakana chifukwa ku Limbe denga lija silioneka, ndipo iwe unati mumtima mkazi uyu chikondi chinamupusitsa, unachita nawo manyazi, unawada onse awiri, wina chifukwa chochoka wina chifukwa chodikira, ndipo unalumbira kuti iwe sudzaima pakhonde chifukwa cha mwamuna, moti bambo a Takondwa atachoka sunasuzumire n'komwe

6.
Azimayi a kumpingo, potuluka m'chipinda:
Mtima wawo uli uko.
Sangapite bwino asanaonane.
Mwana wamkaziyo akuchedwa chiyani, kabaza alipo.

7.
Ndinakwera kabaza osauza munthu. Denga lija ukaliyandikira ndi ladzimbiri, kunyezimira konse kuja n'kwa patali. Bambo ndinawapeza atakhala pampando wa ndalema akusenda chinangwa, nkhalamba yaing'ono kuposa ya m'mutu mwanga. Mtima unandiwawa, ndipo ndinakwiya kuti ukuwawa.
Bambo, ndine Ndaziona. Amayi akupita. Tiyeni.
Anena okha kuti ndibwere?
Sachoka pawindo, ndinayankha. Akuyang'ana kuno.
Mpaka lero?
Mpaka lero.
Anaseka pang'ono, kenako anapukuta mpeni pa buluku n'kukatenga jekete.

8.
Keningi.
Theka.
Chitsime.
Khonde.
Takondwa anathamanga kudzatilandira. Bambo anamusisita m'mutu, ati kamwana aka katengera ine, taonani mphuno.
Chitseko.

9.
Amayi, amene timachita kuwatembenuza awiri, anadzuka okha n'kukhala tsonga.
Wamubweretsa ndani?
Ndine, Amayi. Ndimati muonane.
Anandiyang'ana ngati ndalowetsa njoka m'dengu la ufa.
Iwe umayesa ndinkamudikira? Ndinkamulondera. Uli kamwana unalira iye akugona masana. Anakutenga n'kukumiza mutu mu mgolo wa madzi mpaka unasiya kuphupha, ati akukuphunzitsa nyanja. Ndinakutsomphola ine, milomo itada. Ankhoswe anamuthamangitsa, ine ndinati asapite kutali, amange poti ndizimuona, kuti tsiku limene adzanyamuke ndidzaone fumbi lake ndikubise. Sindinakuuze. Ndinati mwana akhale ndi bambo, ngakhale wa m'mutu. Zaka zonsezi sanayandikire chifukwa ankadziwa kuti ndikuyang'ana. Lero wamutsegulira wekha.
Zakale izo, Esinala, anatero bambo. Tonse takalamba.
Anali atakhala kale pampando wa alendo, Takondwa ali pamwendo pawo, dzanja lawo lili pakhosi pake.
Amayi anandigwira mkono, zikhadabo n'kulowa m'mnofu.
Chotsa mwanayo, anatero. Ine maso atopa. Uyambepo ndiwe.