Msika Utsegula Lolemba

Telala anakankha chitseko cha chipinda cha mlongo wake wamwamuna osagogoda. Munali fungo la sokosi ndi kutentha kwa kompyuta. Zenera linali lotseka, chonsecho kunja dzuwa la Loweruka linali likuswa mtengo.

"Ndamva pa wailesi kuti dola yakwera," anatero. "Ndalama zanga zili pati?"

Zinali za lendi ya shopu yake yosokeramo. Mwini nyumba ankazifuna Lachitatu, apo ayi shopuyo aipereka kwa wogulitsa mafoni. Mlongo wakeyo, amene anasiya uphunzitsi n'kuyamba kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa intaneti, anazibwereka kuti zikaswane kaye.

"Khalani pansi, achemwali," anatero mlongoyo.

"Ndakhala pa mashini sabata yonse. Lankhula."

Tsiku lobwereka lija mlongoyo anamuonetsa zonse. Kompyuta inatenga malonda ake akale, opindula ndi oluza, n'kuwasakaniza kambirimbiri ngati makadi, kuti aone tsoka lalikulu lomwe lingagwe. Yankho linali lokoma: akamaika kachigawo kochepa pa malonda amodzi, ngakhale aluze motsatizana, thumba silingaphwe.

"Lamulo sindinaphwanye," anatero mlongoyo. "Paliponse ndaikapo pang'ono."

"Nanga nkhope yagweranji?"

"Dzulo ndinatsegula malonda asanu nthawi imodzi. Golide, yuro, paundi ndi ena. Onsewo amapindula dola ikatsika." Analoza pa kompyuta. "Kompyuta inkawayesa amodziamodzi, awa akatha kubwere awa. Sindinaifunse za onse kugwa tsiku limodzi."

"Ndiye ndi munthu mmodzi wavala malaya asanu."

"Eya."

"Tseka basi. Zotsalazo undipatse."

"Sizitheka. Msika watseka mpaka Lolemba."

Telala anamukankha n'kudina yekha batani lotsekera. Linali lotuwa, lakufa. Anadinanso. Palibe chinachitika.

"Suja unati pali mpanda, mtengo ukafikapo zimadzitseka zokha?"

"Mpandawo umagwira msika ukamayenda pang'onopang'ono. Ukatsegula utalumpha kale, zitsekera komwe wagwerako."

"Aphunzitsi," anatero telala, "ana munkawaphunzitsa aja anapulumuka."

Lamulungu sanapite kulikonse. Telala anabwera ndi diresi la kasitomala n'kumapinda m'mphepete ndi singano, atakhala pa bedi. Mlongo wake ankauza kompyuta kuti iyesenso, tsopano malonda onse asanu pamodzi. Mizere ya pa kompyutapo inkatsika ngati mizu. Ankafufuta, n'kuyesanso.

"Ukaifunsa kakhumi isintha mawu?"

"Mwina pofika mawa dola ibwerera."

"Mwina ndi m'bale wake wa bodza. Msika ukangotsegula, utseke malondawo."

Lolemba m'mawa manambala anayamba kuphethira. Mitengo inali italumpha mpanda, malonda onse asanu atadzitseka kutali. Zotsala sizinkafika ndi theka la lendi lomwe.

Mlongoyo anagwira mutu. "Achemwali, mutandisiyira zotsalazi mwezi umodzi wokha, ndikuikapo pang'onopang'ono…"

"Tumiza ku foni yanga. Pompano, ndikuona."

Anatumiza.

Lachitatu masana ngolo inaima pakhomo itanyamula mashini osokera, ayironi ndi matumba a nsalu. M'nyumbamo tebulo lolimba linali limodzi lokha, pomwe panali kompyuta. Telala anazula mawaya, n'kuika kompyuta pansi pa bedi.

"Nanga ine ndizigwirira pati?"

"Pampando apo. Mabatani amenewa ndiye amagwira ntchito ndi Loweruka lomwe." Anamuponyera shati ndi singano. "Tsegula zenera, tipsa muno."