Chikhothi cha Amayi pa Msomali

Chikhothi cha amayi chakhala pa msomali wa kuseri kwa chitseko kuyambira tsiku limene tinawaika m'manda. Ndi chachikopa cha nkhosa, ubweya m'kati, cholemera ngati thumba la mbatata. M'mudzi mwathu muno, m'mbali mwa mtsinje wa Ob, chisanu chikatha aliyense amapuntha zikhothi zake n'kuzitsekera m'bokosi pamodzi ndi fodya kuopa njenjete. Koma chimenechi sichinalowepo m'bokosi.

Chifukwa chake ndi bambo anga, a Prokhor. Mutu unawasokonekera ndi ukalamba. Ine Tasya, mwana wawo yemwe ndimawasambitsa ndi kuwameta, anandiiwala kalekale, amangonditchula kuti mayi. Koma akadzuka m'mawa maso amathamangira pa msomali. Chikhothi chikakhalapo ndiye kuti Grunya wawo, amayi angawo, ali m'nyumba momwemuno, kaya akuphika kaya wagona, ndipo amakhala pansi n'kudya. Chikasowa ndiye kuti watuluka, ayenera kukamusaka. Ndinachichotsapo kamodzi kokha, ndinakawagwirira pamsewu ali ndi sokosi zokha.

Choncho ndinkachisamala mozemba. Iwo akangoti tulo, ine ndakazinga kale gaga wa tirigu, kupaka mu ubweya, kupesa, kukutumula, n'kuchibwezera pa msomali asanadzuke. Ntchito yakuba ngati imeneyo siyeretsa kanthu. Ndinkadziwa, koma ndinali nditatopa mpaka m'mafupa.

Mlamu wanga Zoya, mkazi wa mchimwene wanga, anabwera kuchokera ku Barnaul kuti adzandipumitseko. Si munthu woipa, koma manja ake samva kukhala. Tsiku lomwelo anavundukula kolala ya chikhothicho n'kundionetsa timphutsi ta njenjete tili yakaliyakali. Ubweya unkangosala m'zala zake.

Anati chisanu chimenechi ndiye mankhwala ake. Aliyense amadziwa: umayala chikhothi pa chipale chofewa, madzi oundana oyera ngati ufa aja, chimene changogwa kumene, ubweya pansi, kuchipuntha ndi ndodo, n'kuchisiya chigone panja kuti timphutsi tife. Ndinamuuza kuti zonsezo ndinaphunzira iye asanamere mano, koma chikhothicho chisachoke pa msomali. Anandiseka, nati ndasanduka wantchito wa msomali, ndipo pofika chaka chamawa padzatsala mabatani okha. Nditatha kudyetsa bambo masana ndinati ndingowongola msana pang'ono, basi tulo tinandiba ngati ndafa.

Podzuka ndinapeza msomali uli mbee. Mpando wa bambo pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera m'nyumba unalibe munthu. Nsapato zawo zaubweya panalibe, koma chikhothi chawo chinali pomwepo. Zoya anali atayala cha amayi kuseri kwa nyumba bambo ali m'tulo, n'kupita kwa aneba kukabwereka chopunthira, kumeneko nkhani zinamukomera. Pa chipale panangotsala chidindo cha chikhothi, manja ali tambalale, ndi mapazi olowera kugeti.

Kunja kunkazizira koti mphuno zimamatana ukapuma. Nkhalamba ya malaya okha singakhalitse m'chisanu chotero. Ndinamukalipira Zoya mawu amene sindingabwereze, n'kumutuma akatenge chilei chokokera nkhuni. Ine ndinatsata mapaziwo. Pambali pake panali kamzere, mkono wa chikhothi ukukhwekhwereza. Ndinkaganiza kuti alowera kumtsinje kapena pokwerera basi, kumene amakonda kukadikira Grunya wawo. Ayi ndithu. Mapaziwo anakhota pasitolo n'kukwera chitunda cha kumanda.

Ndinawapeza atagwada. Anali atapalasa chipale pamtumbira wa amayi, osaphonya, pakati pa mitumbira yonse ija yofanana. Chikhothi anachiyala pamwamba, ubweya pansi, akuchisisita ndi kupinda m'mbali monga amachitira munthu pofunditsa wodwala. Zala zawo zinali zitayera.

“Munamutulutsa wopanda chikhothi,” anatero osandiyang'ana. “Chisanu chonsechi.”

“Bambo, mukudziwa kuti amayi ali pano?”

“Nanga ndine mwana, Tasya?”

Dzina langa. Ndinali nditaiwala mmene limamvekera pakamwa pawo. Ndinafuna kulira, komanso kunena zoona ndinapsa mtima. Zaka zonsezi ndikuyenda chonyang'ama m'nyumba mwanga momwe, kuyankha kuti amayi ali kukhitchini, kukazinga gaga ngati mbava, kodi pansi pamtima ankadziwa? Ndinavula chikhothi changa n'kuwaveka, manja awo ndinawalowetsa m'khwapa mwanga. Nditati nditole cha amayi anandigwira dzanja mwamphamvu, nati chisiye, ndi chake. Ndinachisiya. Zoya anafika ndi chilei akupuma wefuwefu, tinawakoka mpaka kunyumba.

Zala zinapulumuka. Madzulo anadya msuzi wa kabichi mpaka kupempha wina, msomali osauyang'ana n'komwe. Ananditchulanso dzina pondipempha mchere. Zoya anandinong'oneza kuti mwina kulakwa kwake kwakonza zinthu, mwina bambo ankangofuna kutsanzikana ndi amayi. Ine ndimadziwa matenda amenewa, komabe ndinakhulupirira pang'ono. Munthu wotopa sachedwa kukhulupirira.

M'mawa ndikusonkha moto ndinamva akukoka mapazi kumbuyo kwanga. Anaima n'kuyang'ana pa msomali nthawi yaitali.

“Pepani mayi,” anatero mwaulemu, “mwamuonako Grunya? Watuluka, ndipo kunjaku sikuli bwino.”

Anayamba kufunafuna nsapato. Ndinauza Zoya awatchinge ndi tiyi, awauze kuti Grunya wangopita kukagula buledi, abwera pompano. Ine ndinatenga chopunthira cha aneba chija n'kukweranso chitunda.

Chikhothi chinali chitauma gwa ngati thabwa. Ndinachipuntha pomwepo pamanda, mbali iyi ndi inayo. Timphutsi tinayoyoka tili takufa, fumbi la zaka zonse linatsala pa chipale lili bii. Ubweya unayera monga unkayerera amayi akamachisamala okha. Zoya sananame, njenjete zinatha.

Ndinachiponya paphewa. Miyendo inkakana, koma ng'anjo inali isanayake ndipo bambo anali asanadye.

“Pepani amayi,” ndinatero ndikuyang'ana mtumbira, “mukhale choncho opanda chikhothi. Bambo akukufunani kunyumba.”