Mpira Wonga Papaya

Hosea atabwerera kwawo ku Kambombo mu 1956, kuchokera ku usilikali ku dziko la Malaya, anthu ankayembekeza kuona njinga kapena wailesi. Iye anatulutsa mpira wachikopa wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Komatu kumene ankachokerako Hosea anali munthu. Anasewera ragibe, mpira wothamanga nawo uli m'manja, m'timu ya asilikali, kulimbana ndi zimphona za ku Fiji, kenaka n'kumaphunzitsa anzake. Tsopano ankafuna chinthu chimodzi basi: kusewera ngakhale kamodzi kwawo, ndi anthu akwawo.

Chimanga chitakololedwa, Loweruka lililonse ankaitana amuna pabwalo la sukulu. "Thamangira kutsogolo, koma mpira uponyere kumbuyo," ankatero. "Usaope, mnzako alipo."

"Manje tikafika liti ngati tibweza kumbuyo?" anafunsa mlamu wake Friday, wokonza njinga ndi kusoka nsapato.

Sabata yoyamba anabwera khumi ndi awiri, yachitatu anayi, kenaka zii. Hosea ankathamanga yekha, n'kuponya kumbuyo mwachizolowezi, mpira n'kugwera m'fumbi. Zinkamuwawa kwambiri, ndipo analibe womuuza.

Tsiku lina anayenda wapansi kupita ku boma ku Chama kukafuna anthu ena oti awaphunzitse. Anamukana mwaulemu. Pobwerako, patatha masiku awiri, anamva phokoso pabwalo paja. Mudzi wonse unali pomwepo, amuna akuthamanga, amayi akululutira. Kodi amvetsa tsopano?

Friday anamuthamangira, thukuta lili kamukamu, nkhope ili ngwee. "Mlamu, nakukonzerani mpira uja! Unali wopindika. Naumasula, nadula nsonga zonse ziwiri, nasokanso. Manje ugubuduka bwino, onani!"

Hosea anayang'ana. Unalidi wozungulira, ngakhale wochepa, ndipo ankaumenya ndi miyendo. Nanga munthu wokuchitira zabwino ungamukalipire bwanji? Anangoti, "Zikomo, mlamu."

"Lowani, mlamu, ndi wanu!"

Analowa. Posakhalitsa mpira unadumpha kulunjika pachifuwa pake. Manja anachita okha zimene anazolowera: anauwakha, naukumbatira, nacheukira kumanzere kufuna mnzake. Kunalibe munthu.

Bwalo lonse linakuwa. "Agwira! Agwira ndi manja! A Hosea, tulukani, simudziwa mpira!"

Anauika pansi bwinobwino, natuluka. Masewero anapitirira.